Mita ya mayunitsi, ngongole yakale ndi dzina lanu

Pa Mtengowanthenga, ku Mponela kapena pa boma pa Ntchisi, palibe nyumba yomwe gasi wophikira amafikako kudzera m'mapaipi. Ochepa amene amaphikira gasi amanyamula silinda kukadzazitsa n'kulipira pomwepo, ndipo ambiri akadali pa nkhuni ndi makala. Komabe funso lomwe limasautsa mabanja osauka kumaiko a gasi wa m'mapaipi linafika kale kwathu kuno kudzera pa magetsi: kodi munthu amene ali ndi ngongole, kapena amene dzina lake linaipa kwa obwereketsa ndalama, ali ndi ufulu wanji pa mita yolipiriratu?

Ku Britain, mita yolipiriratu kawirikawiri imaikidwa kwa anthu amene akulephera kulipira mabilu. Munthu akafuna kuichoka kuti azilipira pakutha pa mwezi, makampani ambiri amayamba afufuza mbiri yake ya ngongole, ndipo ikakhala yoipa amamukaniza kapena kumuuza kuti asiye ndalama ya chikole. Mu February 2023 nyuzipepala ya The Times inaulula kuti anthu otumidwa ndi kampani ya British Gas ankalowa mokakamiza m'nyumba za anthu ovutika kukaika mamita otere, moti bungwe loyang'anira za mphamvu kumeneko, Ofgem, linaimitsa kaye mchitidwewo. Kumeneko mita yolipiriratu ndi chizindikiro cha umphawi.

Kwathu zinthu zinayenda mosiyana. ESCOM inasamutsira pafupifupi makomo onse ku mita ya mayunitsi, olemera ndi osauka omwe. Mphunzitsi, namwino wa pachipatala cha mishoni, mwini shopu yometera m'mbali mwa msewu wa M1, onse amagula tokeni ya manambala 20 kwa ejenti kapena pafoni n'kuilowetsa. Amene anatsala pa bilu makamaka ndi ogwiritsa ntchito magetsi ochuluka zedi, monga mafakitale. Kubwerera ku bilu ya pamwezi si njira yomwe kasitomala wa pakhomo angaidalire, ndipo kunena chilungamo, kwa banja lomwe ndalama yake imabwera ndi fodya, soya ndi mtedza, bilu yodikira pakutha pa mwezi uliwonse mu January ndi February ikanakhala msampha. Nkhani yathu siili pochoka pa mita. Ili pa kudziwa chomwe chikudya ndalama yanu mukagula mayunitsi, mwini ngongoleyo ndani, ndi komwe dzina lanu lalembedwa.

Pali mabuku awiri a ngongole, ndipo anthu ambiri amawasakaniza. Loyamba lili ku kampani ya magetsi ndipo limatsata nambala ya mita. Lachiwiri lili ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole ndipo limatsata munthu, makamaka chiyambireni kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017. Kukhala ndi vuto m'buku lina sikutanthauza kuti mulinso nalo m'linzake.

Ngongole yokakamira pa mita

Munthu wogula mayunitsi sakubwereka kanthu kwa aliyense. Walipira asanagwiritse ntchito. N'chifukwa chake wofuna kulumikizidwa magetsi pakhomo amafunsidwa fomu, chiphaso, umboni woti mawaya a m'nyumba anaikidwa ndi katswiri wovomerezeka ndi bungwe loyang'anira za mphamvu la MERA, ndi ndalama yolumikizira. Ngongole yomwe inakukanikani ku banki kapena ku SACCO ilibe malo pamenepo. Wina akakuuzani kuti simungalumikizidwe chifukwa dzina lanu n'loipa, muuzeni mwaulemu kuti akulembereni chifukwacho pa pepala. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene ofesi ya boma yachita chinthu chokhudza ufulu kapena zofuna zake.

Koma mita ikhoza kunyamula ngongole. Nyumba yomwe kale inali pa bilu, ngati inasamutsidwa bilu yotsala isanathe, ndalamayo siikhululukidwa: imaikidwa pa nambala ya mita yatsopano, ndipo nthawi iliyonse mukagula mayunitsi gawo lina limapita kukabweza. Chimodzimodzi ngati nyumba inalumikizidwa pa ngongole, monga zinkachitikira pa ndondomeko ya Ndawala, pomwe anthu ankathandizidwa kuika mawaya n'kumabweza pang'onopang'ono pogula mayunitsi. Chindapusa cha munthu amene anapezeka akuba magetsi nachonso chikhoza kukhala pa akaunti yomweyo.

Tiyerekeze mayi wochita geni ya mandasi walowa m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Wagula magetsi a K10,000 pafoni, uthenga wabwera, ndipo mayunitsi ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mnzake wa nyumba yoyandikana amene wagula ndalama yomweyo tsiku lomwelo. Ambiri akafika apa amangoti magetsi akwera mtengo, n'kufufuta uthengawo. Musaufufute. Pa lisiti kapena pa uthenga pamalembedwa ndalama yomwe mwapereka, msonkho, ndi mayunitsi omwe mwapatsidwa, ndipo pa lisiti losindikizidwa ndi pomwe ndalama yodulidwa chifukwa cha ngongole imaonekera bwino. Ngati uthenga wa pafoni sukufotokoza mokwanira, gulani kamodzi pa malo opereka lisiti la pepala, muliike pambali pa la mnansi wanu. Mtengo wa yuniti savomereza ndi ejenti kapena kalaliki; amavomereza ndi MERA, ndipo ndondomeko ya mitengoyo ndi imodzi kwa makasitomala onse a gulu limodzi. Kusiyana kukakhalapo, pali chifukwa chake, ndipo muli ndi ufulu wochidziwa.

Ngongoleyo ndi ya amene anaitenga, kapena amene dzina lake lili pa akaunti. Wa lendi watsopano sanasainirane ndi aliyense za magetsi omwe anayaka iye asanafike. Vuto n'lakuti kompyuta siidziwa kuti m'nyumbamo mwalowa wina. Imangodula pa nambala. Choncho nkhani yoyamba ndi ya inu ndi eni nyumba. Pitani kwa iwo ndi malisiti m'manja: "Bambo, onani apa. Pa ndalama yomwe ndagula, yakuti yapita ku ngongole yomwe ndaipeza. Tipangane kuti muilipire, kapena ndizichotsa pa lendi." Akavomera, mulembe panganolo, musainirane pamaso pa mboni, kaya a mfumu kapena wapampando wa msika. Musayambe kudula lendi panokha musanagwirizane, chifukwa pamenepo wolakwa mudzakhala inu. Ndipo amene mukufunafuna nyumba, lembani nambala ya mita, mugule mayunitsi ochepa musanapereke lendi ya miyezi itatu. Lisiti limodzi lidzakuuzani zomwe eni nyumba mwina sakanakuuzani.

Wogula nyumba kapena shopu asamale koposa. Kusintha dzina pa akaunti ya magetsi kuchitike nthawi yomweyo yosintha umwini wa malo, wogulitsa asanalandire ndalama yomaliza. M'dera lino malo ambiri amagulitsidwa ndi kalata ya kwa mfumu basi, ndipo za mita palibe amene amazikumbukira mpaka wogulitsa atasamukira ku Kasungu kapena ku Joni.

Ngati ngongoleyo ndi yanudi, njira yabwino ndi kupita nokha ku ofesi ya ESCOM yapafupi ndi nambala ya mita ndi chiphaso, mukapemphe pepala losonyeza kuti inayamba liti, inali zingati, mwabweza zingati ndipo yatsala zingati. Funsani gawo lomwe akudula pa kugula kulikonse. Ngati fodya wayenda bwino ku Kanengo ndipo mukufuna kuimaliza kamodzi, funsani malipiridwe ake, mulipire pa kauntala kapena ku akaunti ya kampani, mutenge lisiti. Ndalama yoperekedwa m'manja mwa munthu amene akuti akakufufutirani ngongole mu kompyuta ndi ziphuphu, ndipo woperekayo ali pa mlandu pamodzi ndi wolandira. ESCOM ndi kampani ya boma, kotero lamulo la Access to Information Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limaikhudza: kupempha kuona zolembedwa za akaunti yanu si kupempha chifundo.

Dandaulo lili ndi makwerero ake. Muyambe ndi kampani, molemba kalata, ndipo musunge kope lomwe adindapo chidindo cha tsiku lolandira. Kalatayo ikhale ndi nambala ya mita, masiku, ndalama, ndi chomwe mukufuna kuti chichitike. Akapanda kuyankha, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, pitani kwa MERA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Energy Regulation Act la 2004. Kumva madandaulo a ogwiritsa ntchito magetsi ndi imodzi mwa ntchito zake, ndipo chomwe adzayambe kukufunsani n'chakuti munakadandaula kale ku kampani kapena ayi. Palinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, ofesi ya Ombudsman pa nkhani za kusoweka chilungamo m'maofesi a boma, ndi Legal Aid Bureau kwa amene sangakwanitse loya. Zoona, kuchokera ku Malomo kapena ku Nambuma kukafika ku Lilongwe ndi ndalama, ndipo zimandipweteka kuti ufulu wa munthu wakumudzi umayamba ndi mtengo wa minibasi. Anthu a dandaulo lofanana atha kulemba kalata imodzi, aliyense n'kuika nambala ya mita yake, n'kutuma mmodzi.

Udindo nawo ulipo. Mita ndi katundu wa kampani ngakhale ili pa khoma lanu. Kuthyola chidindo chake, kulambalalitsa waya kuti magetsi asawerengedwe, kapena kukokera waya kunyumba ya mnansi ndi milandu pansi pa lamulo la Electricity Act, ndipo zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2024. Mnyamata amene amabwera madzulo ndi pulayala n'kunena kuti mayunitsi anu azikhalitsa sadzakhalapo tsiku lomwe oyendera adzafike, ndipo waya woluka mwachisawawa pansi pa denga la malata ndi umene umayatsa nyumba ana ali mtulo. Ngati mukukayikira kuti mita ikuthamanga, pemphani molemba kuti iyesedwe.

Dzina lanu kwa obwereketsa ndalama

Buku lachiwiri ndi lomwe anthu amaliopa osalidziwa. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau Act mu 2010, ndipo litakonzedwanso mu 2016 mabanki ndi mabungwe ena azachuma anakakamizidwa kupereka mbiri ya obwereka awo ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Odziwika ndi Credit Data CRB ndi TransUnion. Amapatsidwa chiphaso ndi kuyang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Iwowa sabwereketsa ndalama ndipo sakaniza munthu ngongole. Amangosunga zomwe auzidwa: munabwereka kuti, zingati, mukubweza motani. Wokana kapena kuvomera ndi banki ikawerenga lipotilo.

Anthu amati dzina "lalowa m'buku lakuda", koma m'bukumo mumalembedwa zabwino ndi zoipa zomwe. Ngongole yaing'ono yobwezedwa pa nthawi yake imalembedwanso, ndipo ndi imene imakonza mbiri. Zomwe zimachitika ku banki mkhonde kapena kwa wakatapila sizifika kumeneko, kotero mayi amene wakhala wokhulupirika zaka zambiri m'gulu la m'mudzi akhoza kupezeka alibe mbiri iliyonse, pamene mwamuna wake amene anasiya ngongole yaing'ono ya pafoni ali ndi banga. Kugula mayunitsi mokhulupirika nakonso sikuwerengedwa ngati kubweza ngongole.

Lamulo limakupatsani ufulu woona lipoti lanu ndi wotsutsa zolakwika zomwe zilimo. Zolakwika zimachitika: ngongole yomwe inatha koma ikuonekabe, maina ofanana (a Banda ndi a Phiri m'Dowa muno ndi angati?), ndalama zomwe abwana ankadula pa malipiro koma osazipereka ku bungwe lobwereketsa. Mukakanizidwa ngongole, funsani ngati chifukwa chake ndi lipotilo komanso kuti lachokera ku bungwe liti. Kenako pitani kapena lemberani bungwelo ndi chiphaso chanu cha unzika, mutenge kope, muwerenge mzere uliwonse. Chomwe chili cholakwika muchitsutse molemba, ku bungwe losunga mbirilo komanso kwa amene anapereka uthengawo, ndi makope a malisiti. Makope okha; mapepala enieni asachoke m'manja mwanu. Zikakanika, dandaulo lipite ku Reserve Bank, yomwe ili ndi nthambi yomva madandaulo a makasitomala a mabanki ndi mabungwe a ngongole. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, linawonjezeranso mphamvu pa ufulu womwewu woona ndi kukonzetsa uthenga wokhudza inu womwe ena akusunga.

Ngati zolembedwazo n'zoona, palibe munthu amene angazifufute ndi ndalama ya pambali, ndipo wokulonjezani zimenezo akukuberani. Chotheka ndi kukambirana ndi wobwereketsa za kabwezedwe komwe mungakwanitse, makamaka kogwirizana ndi nyengo yokolola, kenako mukamaliza mutenge kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha ndi kuonetsetsa kuti lipoti lasinthidwa. Mbiri yoti munachedwa siichoka tsiku lomwelo, koma ngongole yolembedwa kuti inabwezedwa imawerengedwa mosiyana kwambiri ndi yothawidwa.

Pali msampha umodzi womwe umagwira anthu a mtima wabwino: kusainira mnzako. Aphunzitsi, ogwira ntchito pachipatala, alimi a m'kalabu imodzi amasainirana ngongole ngati moni. Mukasaina monga woikira kumbuyo, mwavomera kubweza iye akalephera, ndipo dzina lanu likhoza kuipa pa ndalama yomwe simunaidyeko n'kamodzi komwe. Ngongole ya gulu imamanganso mamembala onse pamodzi. Mlamu wanu akabwera ndi fomu, funsani ndalama yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo mudzifunse ngati mungaibweze nokha chimanga chikakanika.

Sola yolipira pang'onopang'ono

Pamene mabuku awiriwa amakumana ndi pa sola. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi khomo limodzi lokha pa makomo khumi ndi lomwe limaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Mukachoka pa M1 n'kulowa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuwala komwe mumaona usiku kawirikawiri n'kwa kasola ka pa denga, mababu atatu kapena anayi, ndi kabokosi kokhala ndi mabatani olowetsera tokeni. Kabokosiko kamafanana ndi mita ya mayunitsi, koma pa lamulo ndi chinthu china. Nthawi zambiri chimenecho ndi ngongole: mwatenga katundu, mwapereka ndalama yoyambira, ndipo mukubweza mtengo wake mpaka adzakhale wanu. Mukasiya kulipira kabokosi kamadzitseka, ndipo molingana ndi zomwe munasaina, kampani ikhoza kudzatenga katunduyo kapena kupereka dzina lanu ku mabungwe a mbiri ya ngongole. Mafoni ogulidwa pa ngongole amayendanso momwemo.

Ilipo njira ina. Kwa Kasakula ku Ntchisi, bungwe la SolarAid linayesa ndondomeko yoti banja lisagule sola koma lizilipira kuwala kokha, katunduyo n'kukhalabe wa mwini ntchito amene amamukonza akawonongeka. Pamenepo palibe tsiku lomwe sola idzakhale yanu, komanso simukusenza mtengo wake wonse. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka. Choipa ndi kusaina osadziwa kuti mwalowa iti.

Ejenti asanakwere pa denga, mufunseni mafunso awa ndipo mayankho ake muwaone pa pepala la pangano: ndalama zonse pamodzi ndi zingati kufikira tsiku lomaliza, masiku omwe simunalipire amawonjezera ngongole kapena amangotalikitsa nthawi, batire likafa chitsimikizo ndi cha nthawi yaitali bwanji, akadzatenga katundu ndalama zomwe mwapereka kale zidzatani, ndipo dzina lanu adzalipereka kwa ndani. Lamulo la Consumer Protection Act la 2003 limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona zokwanira za katundu ndi mtengo wake. Ngati Chingerezi cha m'panganolo chikukuvutani, uzani ejentiyo kuti, "Achimwene, lisiyeni pepalali ligone kuno, mwana andiwerengere, mubwere mawa." Wokana zimenezo musamusainire. Mukamaliza kulipira, funsani tokeni yomaliza yotsekuliratu kabokosi ndi uthenga kapena kalata yonena kuti ngongole yatha.

Wokanizidwa ku banki ndi ku kampani ya sola nthawi zambiri amathera kwa wakatapila, amene safunsa lipoti koma amasunga khadi la ku banki kapena chiphaso. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole yomwe chiwongoladzanja chake n'chonyanyira ndi kuchepetsa zomwe wobwereka ayenera kulipira. Wobwereketsa aliyense, kaya ndi wakatapila kapena bungwe, alibe mphamvu yothyola chitseko n'kutenga mbuzi kapena njinga yomwe simunaiike chikole. Kulanda katundu wa munthu chifukwa cha ngongole kumafuna chigamulo cha khoti, ndipo ogwira ntchitoyo ndi a sherifu. Wofika pakhomo panu kudzalanda katundu mumufunse chikalata cha khoti ndi chiphaso chake, muitane a mfumu kapena anansi akhale mboni, mulembe chilichonse chomwe watenga, ndipo m'mawa mwake mukanene kupolisi ndi kwa kalaliki wa khoti la majisitireti la ku Mponela, Dowa kapena Ntchisi.